Nsambo Zisanalire

Pali mwambo wina umene udakhazikika m'maholo a nyimbo a ku Ulaya ndi ku America, ndipo udafalikira kulikonse kumene nyimbo zakale za Azungu zimaimbidwa. Nthawi ikakwana, nyale za m'holo zimachepetsedwa kuwala, ndipo anthu anayi ovala zakuda amatulukira kutsogolo atanyamula zoimbira zawo. Amawerama pang'ono, nakhala pamipando, nakunga nsambo, kenaka nayamba kuimba. Pakatha mphindi 30 kapena 40 amaimirira, nawerama kachiwiri, nabwerera komwe adachokera. Kuyambira polowa mpaka potuluka palibe ndi mmodzi yemwe amene watsegula pakamwa, ngakhale kungopereka moni. Kumudzi, munthu wolandira alendo motero akadatchedwa wopanda mwambo, koma m'maholo amenewa khalidweli limatchedwa ulemu.

Pakati pa omvera sipalephera kukhala wina amene wabwera koyamba, mwina wophunzira amene wangopatsidwa tikiti ndi mnzake. Pakhomo amapatsidwa kapepala kolembedwa mayina a zigawo za nyimbo m'Chitaliyana, chilankhulo chimene sadachiphunzirepo. Chigawo choyamba chikatha, mtima utakondwa, amaomba m'manja yekhayekha, ndipo maso a holo yonse amatembenukira kwa iye ngati waswa mtsuko wa eni pachitsime. Palibe adamuuza kuti pamalo pamenepo saomba m'manja kufikira zigawo zonse zitatha. Kuchokera apo samveranso nyimbo. Amangoyang'anira manja a anzake kuopa kulakwanso. Potuluka amakhala atatsimikiza kuti nyimbo zimenezi si za anthu onga iye, ndipo sabweranso. Pambuyo pake eni holo amakhala pamsonkhano nadandaula kuti achinyamata salabadira nyimbo zabwino, osazindikira kuti adawapirikitsa okha.

Mankhwala a vutoli si okwera mtengo. Oimba ayenera kulankhula ndi omvera awo nsambo zisanalire. Kwa mphindi zochepa chabe, m'chilankhulo cha tsiku ndi tsiku, mmodzi wa iwo aimirire, anene pamene khutu liyenera kutchera, ndipo anzake aimbeko pang'ono kusonyeza zimene akunenazo. Magulu ambiri adayamba kale kuchita zimenezi. Komabe alipo ena, oimba, olemba nkhani m'nyuzipepala ndi omvera ozolowera, amene amaona mchitidwewu ngati kuvula nyimbo ulemu wake. Zifukwa zawo n'zoyenera kuzimvetsera, pakuti zina zili ndi nzeru, koma zikaikidwa pasikelo zimapepuka.

Nyimbo zimene zikukambidwa pano ndi zija Angerezi amazitcha chamber music, kutanthauza nyimbo za m'chipinda. Zimaimbidwa ndi kagulu kochepa, anthu awiri, atatu, anayi, mwina mpaka asanu ndi atatu, aliyense ndi mbali yakeyake, popanda wowatsogolera ndi kandodo. Kagulu kodziwika koposa ndi kwateti ya nsambo, ndiko kuti mavayolini awiri, viyola imodzi ndi chelo imodzi. Zoimbira zimenezi zili ndi nsambo zinayizinayi, ndipo woimba amaziliza ndi uta monga achitira woimba kaligo. Vayolini imalira mokweza, viyola pakatikati, chelo ndiyo imagwira besi. Joseph Haydn wa ku Austria, amene adabadwa mu 1732 namwalira mu 1809, adapeka makwateti oposa 60, ndipo ndiye adaumba maonekedwe amene Mozart, Beethoven ndi Schubert adatsatira. Mlembi wotchuka wa ku Germany, Goethe, polembera kalata bwenzi lake Zelter mu 1829, adafanizira kwateti ndi anthu anayi anzeru amene akukambirana.

Fanizo limeneli ndi loona, ndipo m'menemo ndimo muli gwero la vuto. Kukambiranako kulibe mawu. Kwaya ili ndi mawu amene womvera angagwire. Sewero loimba lili ndi nthano, zovala ndi anthu ofa ndi okwatirana. Gulu lalikulu la oimba 80 lili ndi malipenga ndi ng'oma zimene zimagwedeza chifuwa ngakhale cha munthu wogona. Kwateti ilibe zonsezi. Chuma chake chonse chagona pa kumva kuti wayambitsa nkhani ndani, wamuyankha ndani, wamudula mawu ndani, ndiponso kuti kanyimbo kamene kadamveka koyambirira kabwereranso katasintha motani. Amene sakudziwa kuti pali zotere amangomva nsambo zikulira mokoma, ndipo kukoma kopanda mutu kumatopetsa pakangotha mphindi 10.

Zili ngati bawo. Mlendo wosadziwa masewerawa amangoona abambo awiri akutola nkhomo m'dzenje lina nakaziponya m'maenje ena, ndipo amadabwa kumva oonerera akufuula ngati kwagwa chinthu. Koma wina akamunong'oneza malamulo awiri kapena atatu, kuti apa wadya, apa wangotakata, apa watchera mnzake msampha, bawo lomwe lija limasanduka bwalo la nkhondo. Womunong'onezayo sadawononge masewera. Sadasunthe nkhomo ndi imodzi yomwe.

Kale wonong'oneza wotere sankafunika kwenikweni, chifukwa nyimbozi zinkaimbidwa m'zipinda za mafumu ndi za anthu achuma, pakati pa mabwenzi, ndipo ambiri mwa omvera anali oimba iwo omwe. Zinthu zidayamba kusintha pamene woimba vayolini Ignaz Schuppanzigh adayambitsa makonsati a kwateti olipiritsa mu mzinda wa Vienna cha m'ma 1804. Nyimbo zidatuluka m'chipinda n'kulowa m'holo, ndipo m'holomo mudalowanso anthu amene sadagwirepo uta. Okonza makonsati adaliona msanga vutoli. Ku London, John Ella adakhazikitsa bungwe la Musical Union mu 1845, ndipo ankasindikiza timapepala tofotokoza nyimbo iliyonse kuti mamembala awerenge konsati isanayambe. Ella yemweyo ndiye ankalimbikira kuti omvera azikhala chete nyimbo ikamaimbidwa. Motero ngakhale mlonda wamkulu wa bata la m'holo adavomereza kuti khutu limafuna mtsogoleri. Mkangano weniweni si wakuti omvera afotokozeredwe kapena ayi, pakuti umenewo udatha kalekale. Koma ndi wakuti afotokozeredwe ndi pepala kapena ndi munthu.

Tsono pepala lili ndi zofooka zake. Limawerengedwa mumdima, kawirikawiri nyimbo itayamba kale, kotero kuti maso amalanda ntchito ya makutu. Wolemba wake amakonda mawu a kusukulu ya nyimbo amene wobwera koyamba sangawamve. Choposa zonse, pepala silingaimbe. Lingathe kunena kuti kanyimbo kachiwiri kadzayambitsidwa ndi viyola, koma womvera amene sadziwa kulira kwa viyola adzakazindikira bwanji? Woimba ataimirira angathe kungotembenukira kwa mnzake namupempha kuti akalize, ndipo m'masekondi 15 holo yonse yakamva, yakasunga, ndipo idzakalandira ngati mbale kakadzabweranso.

Chitsanzo chabwino ndi kwateti ya Haydn ya mu 1781, yachiwiri m'gulu lotchedwa Opus 33. Kumapeto kwa chigawo chomaliza Haydn adadula kanyimbo kake m'zidutswa zinayi, naika bata pakati pa chidutswa chilichonse ndi chinzake. Chachinayi chikatha womvera amayesa nyimbo yatha. Pamakhala bata lalitali, kenaka oimba amabwereza chidutswa choyamba motsitsa kwambiri, n'kulekera pomwepo, m'malere. Ndi nthabwala, ndipo n'chifukwa chake anthu adaipatsa dzina lotanthauza nthabwala. Koma holo yophunzitsidwa mantha siseka. Anthu amakhala duu, aliyense kuopa kukhala woyamba kulakwa, ndipo chimene Haydn adakonza kuti chikhale chiseko chimasanduka mayeso. Otsutsa amati kufotokozeratu nthabwala ndiko kuipha. Zoonadi, wolankhula wopusa angaiphe. Koma wochenjera saulula mathero. Amangonena kuti mkulu ameneyu ankakonda kuseweretsa omvera ake, ndi kuti usiku umenewo kuseka n'kololedwa. Ziganizo ziwiri zokhazo zimamasula holo yonse.

Nyimbo zina zimafuna zambiri kuposa chilolezo cha kuseka. Bedřich Smetana, wopeka nyimbo wa ku Bohemia, dera limene lero lili m'dziko la Czech Republic, adagontha makutu mu 1874 ali ndi zaka 50. Patapita zaka ziwiri adapeka kwateti yake yoyamba, naipatsa mutu wosonyeza kuti ikusimba za moyo wake. Chigawo choyamba chimatsegulidwa ndi viyola yolira mwaukali. Chachiwiri ndi gule wa polka, kukumbukira unyamata wake pamene ankakonda kuvina. Chachitatu chimakumbukira chikondi chake pa mtsikana amene adadzakhala mkazi wake woyamba. Chachinayi chimayamba ndi chimwemwe, chimathamanga, chimavina, kenaka mwadzidzidzi chimaduka. Nsambo zapansi zimayamba kunjenjemera, ndipo pamwamba pake vayolini yoyamba imagwira noti imodzi yokwera kwambiri, yopyapyala, yolasa m'khutu, osaisiya. Smetana mwini wake adafotokoza m'kalata ya mu 1878 kuti noti imeneyo ikuimira kulira kwa m'makutu kumene kudamugwira kugontha kusanafike.

Womvera amene sakudziwa zimenezi akamva notiyo amayesa woimba waphonya, kapena kuti chipangizo china m'holo chawonongeka. Womvera amene wauzidwa amakhala, kwa masekondi angapo, m'kati mwa mutu wa munthu amene ntchito yake yonse idali makutu ndipo akuwataya. Kodi ndani mwa awiriwa wamva nyimbo ya Smetana? Ngati mwini nyimbo adaona kuti n'koyenera kutenga cholembera n'kufotokoza, woimba wa lero ali ndi ulamuliro wanji wobisira omvera zimene mwini wake adaulula? Kukhala chete pamenepo si kulemekeza Smetana ayi, koma kumuphimba pakamwa.

Mfundo yaikulu ya otsutsa ndi yakuti nyimbo imadzilankhulira yokha, ndipo mawu amangoichepetsa. Ali ndi mboni yolemekezeka. Felix Mendelssohn, atafunsidwa mu 1842 tanthauzo la nyimbo zake za piyano zopanda mawu, adayankha m'kalata kuti zimene nyimbo imamuuza si zosamveka bwino kotero kuti mawu angalephere kuzigwira, koma n'zomveka bwino kuposa mawuwo. Palibe chifukwa chotsutsana naye. Munthu amene angaime pamaso pa anthu nanena kuti chigawo chakutichakuti chimatanthauza chisoni, basi, wanama, chifukwa chisoni chilipo cha mitundu yambiri ndipo nyimbo imasiyanitsa mitundu imene chilankhulo chilibe mayina ake. Koma ntchito ya wolankhula si kumasulira nyimbo. Ntchito yake ndi kuloza. Mlenje wolozera mnzake pamene pabisala gwape sadaikepo gwapeyo, ndipo chala chake si nyama. Komabe popanda chalacho mnzakeyo akadangoona tchire.

Ndiponso ndi bwino kufunsa kuti amene amati nyimbo imadzilankhulira yokhawo adaimva bwanji iwowo. Woimba vayolini wa m'kwateti adayamba maphunziro ali mwana, ndipo kwa zaka 15 kapena kuposerapo mphunzitsi ankamuuza ndi pakamwa kuti apa pumira, apa mvera chelo, apa kanyimbo kabwerera chadodolido. Pokonzekera konsati, anthu anayi aja amatha maola akutsutsana ndi mawu pa kachigawo ka masekondi asanu. Womvera wozolowera nayenso adali ndi kholo, mphunzitsi, buku kapena wailesi zimene zidamutsegula makutu. Onsewa adakwera ndi makwerero a mawu, ndipo atafika padenga akukankha makwererowo nauza otsala pansi kuti denga limafikika lokha. Ngati mawu ali abwino m'chipinda chokonzekera, aipa bwanji akafika m'holo?

Ena amati mankhwala ndi kumva nyimbo kambirimbiri, osati kuuzidwa. M'menemo muli choonadi. Pa 21 March 1826 kagulu ka Schuppanzigh kadaimba koyamba kwateti ya Beethoven ya Opus 130. Omvera adapempha kuti zigawo ziwiri zopepuka zapakati zibwerezedwe, koma chigawo chomaliza, chimene lero chimadziwika ndi dzina loti Grosse Fuge, chidawasokoneza mitu. M'chigawo chimenecho zoimbira zinayi zimathamangitsana ndi timanyimbo tokhadzula kwa mphindi pafupifupi 15. Wosindikiza nyimbo adapempha Beethoven kuti alembe mathero ena, ndipo adavomera. Padatenga zaka zambiri kuti makutu a anthu azolowere chigawocho n'kuchiona monga chimodzi mwa zopambana zake. Arnold Schoenberg, pokhazikitsa bungwe lake la makonsati ku Vienna mu 1918, adaika lamulo lakuti nyimbo zovuta ziziimbidwa kangapo. Zonsezi n'zabwino. Koma wophunzira uja wa tikiti yopatsidwa alibe zaka 50 zoti azolowere. Ali ndi usiku umodzi, ndipo ngati usiku umenewo samva kanthu, kumva kwachiwiri sikudzakhalako.

Otsutsa akasowa pogwira amathawira ku mwambo, kuti makolo a nyimbozi sankatero. Apa ndipo pamene mbiri imawachititsa manyazi. Cha m'ma 1786 Haydn adapemphedwa ndi tchalitchi china cha mu mzinda wa Cádiz, ku Spain, kuti apeke nyimbo za Lachisanu Loyera pa mawu asanu ndi awiri omaliza a Yesu pamtanda. Malinga ndi kufotokoza kwa Haydn mwini, m'tchalitchimo ankaphimba makoma ndi mazenera ndi nsalu zakuda, n'kusiya nyale imodzi yokha. Wotsogolera mapemphero ankakwera pagome, natchula mawu amodzi, nawatambasula, kenaka natsika kukagwada, ndipo nyimbo inkadzaza mpata umenewo. Kenaka mawu achiwiri, nyimbo yachiwiri, mpaka kasanu ndi kawiri. Nyimbozo zidali za gulu lalikulu, koma mu 1787 zidatulukanso monga kwateti, ndipo m'maonekedwe amenewo ndimo zimaimbidwa kawirikawiri. Imeneyi ndi nyimbo yobadwira pakati pa mawu olankhulidwa. Ndipo bata lenilenilo, limene ena amalisamala ngati lamulo la Mose, si lakale monga amaganizira. Mu 1778 Mozart adalembera bambo wake kuchokera ku Paris, mokondwa, kuti omvera adaomba m'manja nyimbo yake ya gulu lalikulu ili m'kati, pamalo pomwe iye adadziwiratu kuti padzawasangalatsa.

Umboni wamphamvu koposa udachokera kumalo kosayembekezeka. Olivier Messiaen wa ku France adagwidwa ndi asilikali a Germany mu 1940 natsekeredwa mu msasa wa akaidi a nkhondo wa Stalag VIII-A, ku Görlitz. Kumeneko adali ndi akaidi anzake atatu odziwa kuimba: Henri Akoka wa chitoliro chotchedwa kilarineti, Jean Le Boulaire wa vayolini ndi Étienne Pasquier wa chelo. Iye mwini adali wa piyano. Adapeka kwateti ya zigawo zisanu ndi zitatu, yotenga mphindi pafupifupi 50, yochokera pa masomphenya a mngelo wa m'chaputala 10 cha buku la Chivumbulutso. Pa 15 January 1941, m'nyengo yozizira koopsa, adaiimba pamaso pa akaidi ndi alonda awo. Omverawo adali alimi, anthu a ntchito zamanja, ansembe ndi ophunzira, ndipo nyimboyo idali yachilendo ngakhale kwa akatswiri. Asanayambe, Messiaen adalankhula nawo, nawafotokozera kuti kutha kwa nthawi kumene nyimboyo ikunena si kutha kwa ukaidi wawo, koma kutha kwa zakale ndi zam'tsogolo, ndiko kuyamba kwa muyaya. Sadaone kuti kutero n'kudzitsitsa. Adaona anthu amene adali ndi ufulu wodziwa chimene akupemphedwa kumvera.

Nkhani yomweyi ya Messiaen ikuonetsanso pamene otsutsa ali ndi mlandu weniweni, ndipo apa n'pofunika kuwavomereza poyera. Pambuyo pa nkhondo Messiaen ankasimba kuti omvera adalipo 5,000 ndi kuti chelo idali ndi nsambo zitatu zokha. Olankhula m'makonsati adabwereza zimenezi kwa zaka zambiri, chifukwa n'zokoma kusimba. Koma Rebecca Rischin, m'buku lake la mu 2003, atacheza ndi oimba amene adali moyo ndiponso abale a ena, adasonyeza kuti omvera adali mazana ochepa chabe, ndipo Pasquier adanenetsa kuti chelo yake idali ndi nsambo zonse zinayi. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Woimba amene aimirira kulankhula wasenza udindo wa mboni, ndipo bodza lokoma lonenedwa pamaso pa anthu 500 limatuluka ndi miyendo 1,000.

Ngozi ina ndi ya nkhani imene imameza nyimbo. Dmitri Shostakovich wa ku Russia adapeka kwateti yake ya nambala 8 m'masiku atatu okha, mu July 1960, ali pafupi ndi mzinda wa Dresden umene udaphwasulidwa ndi mabomba mu 1945. Pamwamba pake padalembedwa kuti ndi chikumbutso cha ophedwa ndi ufasisti ndi nkhondo, koma m'kalata kwa bwenzi lake Isaak Glikman adaulula kuti adailemba monga chikumbutso cha iye mwini. M'chigawo chachinayi mumamveka kugunda kwamphamvu, katatukatatu. Olankhula ena amauza omvera kuti amenewo ndi mabomba. Ena amati ndi apolisi achinsinsi akugogoda pachitseko usiku. Papepala la nyimboyo Shostakovich sadalembepo chilichonse mwa ziwirizi. Wolankhula amene asankha chimodzi nachipereka ngati choonadi walanda womvera ufulu wake, ndipo womverayo amakhala mphindi 20 akungodikira chitseko. Pamenepo Mendelssohn akadakhala ndi chifukwa chokwiyira.

Komatu nyimbo yomweyi ikusonyeza mmene kulankhula kwabwino kumakhalira. Shostakovich adatenga zilembo za dzina lake monga lilembedwera m'Chijeremani, D, S, C ndi H, nazisandutsa manoti anayi, pakuti m'kalembedwe ka Chijeremani zilembo zimenezi ndi mayina a manoti. Chelo ndiyo imayamba nawo yokha, ndipo amabwerera m'zigawo zonse zisanu, pena akukwawa, pena akukuwa, pena akuvina gule wonyoza. Wolankhula angonena zimenezi, woimba chelo alize manoti anayiwo kawiri, omvera auzidwe kuti munthuyu wasaina dzina lake ponseponse. Zimenezi n'zoona, n'zachidule, ndipo zimapatsa khutu ntchito. Za kugunda kuja anganene kuti anthu amakumva mosiyanasiyana, n'kulekera pomwepo.

Pali olankhula enanso otopetsa: wodzionetsera amene amakhuthula mawu onse a kusukulu kuti anthu adziwe kuti adaphunzira, wowerenga masiku obadwa ndi omwalira ngati kalaliki wa kaundula, wanthabwala amene amapepesera nyimbo ngati mankhwala owawa, ndi uja amene amalonjeza mphindi ziwiri n'kutha 20. Onsewa alipo, ndipo omvera amene amadandaula nawo sakulakwa. Koma ndiwo zikawawa mchere sathira lamulo loletsa mchere m'mudzi, amaphunzitsa wophika. Luso limeneli lili ndi akatswiri ake amene angatsanziridwe. Antony Hopkins adayamba pologalamu yake ya Talking About Music pa wailesi ya BBC mu 1954, ndipo kwa zaka zoposa 30 ankafotokoza nyimbo ali pa piyano, akuliza chilichonse chimene watchula. Leonard Bernstein adachititsa makonsati 53 a achinyamata pa wailesi yakanema ku New York kuyambira 1958 mpaka 1972. Mu mzinda womwewo Bruce Adolphe, amene adayamba kugwira ntchito ndi Chamber Music Society of Lincoln Center mu 1992, adatchuka ndi nkhani zake za Inside Chamber Music, m'mene oimba amakhala pambali pake okonzeka kuliza chitsanzo chilichonse. Onsewa adagwira chinsinsi chimodzi, chakuti chiganizo chilichonse chiyenera kuthera m'khutu.

Oimba ena amadandaula moona mtima kuti kulankhula kumawabalalitsa maganizo, ndi kuti adaphunzira kugwira uta, osati kuima pamaso pa anthu. Dandaulo loyambalo n'lomveka, koma m'kagulu ka anthu anayi sipangalephere kupezeka mmodzi wolimba mtima, ndipo ngati palibe, angaitane wina wodziwa nyimboyo kuti awalankhulire. Lachiwirilo ndi mlandu wa sukulu zawo. Sukulu imene imasunga wophunzira zaka zinayi, nimuphunzitsa kuyendetsa zala mofulumira ngati mphezi, koma osamuphunzitsa kuuza munthu wamba m'ziganizo zisanu chifukwa chimene amakondera nyimbo imene akuimba, yamutulutsa wosakhwima.

Pansi pa zifukwa zonsezi pamabisala china chimene sichitchulidwa. Alipo omvera amene amakonda holo ya chete chifukwa chete ameneyo amasiyanitsa odziwa ndi osadziwa. Kudziwa nthawi yoombera m'manja, kutchula Allegro ndi Adagio popanda kupunthwa, kugwedeza mutu pamalo poyenera, zonsezi zimakhala ngati baji ya pachifuwa. Woimba akaimirira nauza aliyense zinsinsizo kwaulere, baji ija imatsika mtengo. Anthu otere akamati akuteteza Beethoven amakhala akuteteza mpando wawo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo iwo amakondwa kuti mbewa zotere zichuluke, zisafunse, zisabwerenso. Koma mipando yopanda anthu silipira oimba, ndipo nyimbo imene ilibe omvera atsopano imatsala m'mabuku.

Izi sizikutanthauza kuti paliponse pafunika mawu. Mu 1825 Beethoven adadwala kwambiri, ndipo atachira adalemba chigawo chachitatu cha kwateti yake ya Opus 132, naika pamwamba pake mawu osonyeza kuti ndi nyimbo yopatulika yothokoza Mulungu, yochokera kwa wodwala amene wachira. Chigawochi chimatenga mphindi zoposa 15. Muli nyimbo yonga ya m'tchalitchi, yoyenda pang'onopang'ono zedi, imene imabwera katatu, ndipo ulendo uliwonse imabwera itakometsedwa kuposa poyamba. Pakati pake pamalowa kawiri kachigawo kopepuka kamene Beethoven adalembapo kuti ndi kumva mphamvu zatsopano. Munthu wosakonzekera angathe kusochera m'kuchedwa kumeneko n'kuyamba kuwerenga matabwa a kudenga. Koma kungakhale kulakwa kwakukulu kuimitsa kwateti pakati, chigawo chachiwiri chitatha, n'kuyamba kuphunzitsa. Zonse zinenedwe poyambirira. Woimba chelo aimirire, apereke moni, asimbe za matendawo m'ziganizo ziwiri, anzake alize mzere woyamba wa nyimbo yothokozayo, kenaka chiyambi cha mphamvu zatsopano zija, anene kuti yoyambayo idzamveka katatu ndipo inayo kawiri. Nyimbo ikayamba asatsegulenso pakamwa, ndipo ikatha asaonjezerepo kanthu. Koma asanakhale pansi atchule kuti zigawo zonse zilipo zisanu, kuti wophunzira uja wakhala kumbuyo adziwe nthawi yoombera m'manja.